Masiku Amene Atate Sanabwere

Lolemba, 3 Juni 1957

Andigoneka lero m'chipinda cha amayi, pachipatala cha kuno ku Vila Cabral, bedi la pazenera. Pakhadi alemba kuti Perpétua, ntchito yosoka. Kope lino ndi la miyeso ya madiresi a anthu. Masamba otsala ndilembamo za matendawa, poti manja anga sadziwa kukhala chabe.

Matenda ake ndi chithokomiro. Chotupachi chakhala pakhosi zaka zambiri osandivuta, koma chaka chino chayamba kunditsamwitsa ndikagona chagada. Mtima ukuthamanga, manja akunjenjemera mpaka ulusi ukukana kulowa m'singano. Dotolo wanena kudzera mwa enferimeiro Luís, namwino wamwamuna wa muno, kuti dotolo wong'amba adzabwera pa ndege kuchokera ku Nampula pa 20. Akadzapeza mtima ukugunda kupitirira 90 pa mphindi sadzandikhudza, ndipo kubweranso kwake ndi chaka chamawa. Luís sanamasulire ngati khosi langa lingadikire chaka chamawa, koma nkhope ya dotolo ndaiwerenga ndekha.

Lero wagunda 124. Mankhwala: madontho khumi a iodo m'madzi katatu pa tsiku, ndi kambewu koyera kofooketsa. Lamulo: kugona, osamva nkhani zoipa, osakwiya. Woika lamulo lomalizalo sakundidziwa.

Lachiwiri, 4 Juni

122. Iodo akuwawa ngati ndulu.

Atate abwera m'mawa, wapansi kuchokera ku Namacula, m'chisanu chonsechi. Zaka zawo zikuyandikira makumi asanu ndi atatu koma ndodo amaikana, akuti ndi ya nkhalamba. Dzina lawo ndi a Bartolomeu, koma tauni yonse imati a Injiniya. Afika, sanapereke moni, ayamba agwedeza bedi langa. Atulutsa sipanala m'thumba la jekete, agwada, amanga mwendo umene umagwedera. Atatero ndiye akhala pansi n'kugwira mkono wanga ndi zala zitatu za kumanja, chifukwa ziwirizo palibe.

"Boila yako wasonkhezera kwambiri, mwanawe," atero. "Phula nkhuni."

"Nkhuni zake ndi ziti, Atate?"

"Pakamwa pako. Wayamba kale kukangana ndi enferimeiro, ndamva ndili pakhomo."

Khutu lamanzere ndi logontha, koma zoterezi amamva.

Lachinayi, 6 Juni

116. Dzulo 118. Luís wati tikuyenda bwino.

Pabedi loyandikana nane pali a Zubaida, mayi wachiyao wa cha ku Chimbonila, ali ndi chilonda chosapola pamsongolo. Kukacha amanditi "Ajimwiche uli?", ine ndimayankha m'Chinyanja, tikumvana. Lero Atate atapita andifunsa kumene kudapita zala zawo. Ndawauza, ndipo ndilembenso muno, poti kulemba za Atate kukundikhazika mtima pansi kuposa kambewu kaja.

Adabadwira kunyanja, pafupi ndi mishoni. Akadali mnyamata adalembedwa pa sitima ya amishoni kukhala wosonkha moto, kuponya nkhuni m'ng'anjo tsiku lonse, anzawo ali pamwamba kupitidwa mphepo. Mzungu wa injini ataona kuti mnyamatayu amafunsa kwambiri adamukweza kukhala wothira mafuta, kenako womasula ndi kumanga. Zala zidapita tsiku lina kuli mwera. Sitima idapendekeka, iwo akupukuta chitsulo chozungulira, nsanza n'kukodwa. Amati adamanga dzanjalo ndi nsanza yomweyo n'kudikira kaye sitima ikocheze, chifukwa mnzawo wosinthana naye anali chigonere ndi malungo. Amayi anga ankati ili ndi bodza la amuna, munthuyo adakomoka ngati wina aliyense.

A Zubaida aseka mpaka kugwira mwendo wodwalawo.

Loweruka, 8 Juni

110.

Chisanu chafika penipeni. Madzi a m'beseni akuluma zala. Atate abwera ndi mbatatesi zootcha m'kansalu, akutsokomola. Ndawakalipira kuti azidikira dzuwa likwere, kapena atumize mlamu wanga Julieta yekha. Ati chisanu cha kuno adachiona kale tauni ino ili udzu wokhawokha, sichingawaphunzitse kanthu lero.

Akhala nthawi yaitali, ndipo a Zubaida awakokera ku nkhani ya nkhondo ya Ajeremani, imene kunyumba saikamba kawirikawiri. Sitima yawo idalandidwa kuti izinyamula asilikali ndi amtengatenga. Pamwamba pake adakhomapo mfuti yaikulu, ndipo ndiyo idawagonthetsa khutu. Pambuyo pake adawatsitsa kumtunda, kuwaveka yunifomu, kuti azikonza magalimoto a nkhondo panjira yokwera kuchokera kunyanja.

"Ajeremani ndidawaona kamodzi kokha, mayi," atero. "Amene adatha anthu ndi kamwazi ndi njala. Galimoto ikafa ndinkaidzutsa. Wamtengatenga akagwa pambali pa msewu, sipanala yake ndinalibe."

A Zubaida afunsa ngati adapatsidwa kanthu. Ati mendulo, ndipo ndi yomwe idatseka pampu ya pachitsime chathu italeka kukoka. Izi ndi zoona, ndidaona ndekha akuiboola.

Potsanzika atsokomola mpaka kugwira chitsulo cha bedi. Sindinakondwe nacho chifuwacho.

Lolemba, 10 Juni

108.

Dzulo sanabwere, ndimati ndi tchalitchi. Lero sanabwerenso. Julieta wabweretsa nyemba ndi phala, wati ndi chimfine chabe, awafunditsa mabulangeti awiri ndipo akukangana ndi aliyense. Ngati akukangana ndiye kuti ali bwino.

Lachiwiri, 11 Juni

112. Luís wawerenga kawiri.

Julieta waika chakudya n'kubwerera msangamsanga. Wati ana ali okha. Ana anga ndi ake omwe ndi akuluakulu, amaphika okha.

Lachitatu, 12 Juni

118.

Lero sikunabwere munthu. Chiyambire kugona muno sizinachitikepo. Ndayang'ana pazenera mpaka khosi kuwawa. Kwadutsa ngolo ya nkhuni, apolisi awiri amene timawatcha asipayo, ndi amayi osenza mbatatesi, koma wa kwathu ayi. A Zubaida andigawira mpunga umene wabweretsa mwana wawo. Mwanayo wawanong'oneza kanthu m'Chiyao, ndagwirapo liwu loti Namacula. Nditafunsa, ati amanena za mtengo wa chimanga.

Ndili ndi mantha. Ndalemba kuti ndione ngati achepa akakhala papepala, koma sanachepe.

Lachinayi, 13 Juni

120.

Julieta wabwera maso ali psuu, mawu atasasa. Wati ndi utsi wa nkhuni zaziwisi, ndipo dzulo anamangika ndi mtolo wa zochapa.

"Atate ali bwanji?"

"Akupezako, alamu."

"Akudya?"

"Pang'onopang'ono."

"Adya chiyani lero?"

Wayang'ana m'mbale imene wandibweretsera n'kunena kuti nyemba. Atate adaleka nyemba zaka zapitazo, zimawatupitsa m'mimba, ndipo amene amawaphikira ndiwo zapadera tsiku lililonse ndi Julieta yemweyo. Ndamuyang'ana, iye akukonza bulangeti langa limene linali lokonzeka kale.

Kubisira wodwala maliro ndi mwambo wathu, ndikuudziwa bwino. Inenso ndidabisirapo ena, ndipo ndinkaona kuti ndi chifundo. Koma mwina akungodwala kwambiri, ndipo akuopa kundiuza zimenezo. Mwina ali chigonere akuitana dzina langa, ine ndili pano kumwa iodo. Maganizo awiriwa akusinthana m'mutu ngati anthu awiri pa mtondo umodzi.

Lachisanu, 14 Juni

122. Dotolo wakwiya, wafunsa ngati ndikumwadi madontho kapena ndikuthira pansi pa bedi. Wawonjezera kambewu kachiwiri. Ndapempha kuti andilole ndikafike ku Namacula ndi kubwerera. Wati ndikatuluka pakhomopo bedi apatsa wina.

Ndafunsa Luís ngati wamvako kanthu za a Injiniya. Wati iye amagona kumbali ina ya tauni. Ponena izi maso ake anali pa wotchi.

Loweruka, 15 Juni

120.

Tulo ta mankhwala tikundisiya mutu uli zii. Ndilembe za Atate, mwina mtima utsika monga tsiku lija.

Nkhondo itatha adabwerera kunyanja n'kupeza chimfine chachikulu chija chitalowa m'mudzi. Mkazi wawo woyamba ndi ana awiri adaikidwa sabata imodzi, iwo akadali panjira. Palibe adawatumizira uthenga. Adamva kwa mayi wina wotunga madzi, atatsala pang'ono kufika pakhomo, atanyamula nsalu yatsopano ya mkaziyo. Nkhani imeneyi sanandiuze ndi iwo, adandiuza ndi Amayi.

Adakwatira Amayi, tidabadwa asanu ndi atatu, tatsala atatu: ine, mlongo wanga wamng'ono Artur, ndi wina amene adakwatiwa ku Nyasaland. Boma litayamba kumanga tauni ino adawaitana kudzayendetsa chimakina chopondera msewu, kenako injini ya macheka, kenako chigayo. Ife tidakulira m'fungo la girizi. Atate ena ankabwera kunyumba ndi nsomba kapena mowa m'mutu, athu ankabwera ndi zitsulo m'matumba, Amayi n'kumazipeza pochapa.

Mwamuna wanga atapita ku Joni n'kuleka kutumiza mawu, ndidabwerera kwathu ndi ana awiri ndi manyazi. Atate sanafunse kanthu. Adasowa masiku angapo, n'kubwera atasenza makina osokera akufa amene adawapeza kuseri kwa sitolo ya Mmwenye. Adawamasula onse pamphasa, chitsulo chilichonse pachokha, mwezi wathunthu. Atatha adandiitana. "Awa sapita ku Joni," adatero. Ndi makina omwewo andilerera ana.

Amayi atamwalira, Atate adaphunzira kuphika tiyi, ndipo mpaka lero amaphika woipa.

Ndawerenga zimene ndalembazi, ndaona kuti ndalemba ngati mmene amalankhulira anthu pamanda. Ndatseka kope.

Lamulungu, 16 Juni

124. Tabwerera pamene tidayambira. Kwatsala masiku anayi.

Julieta wabwera atamanga duku mpaka m'nsidze. Julieta ameneyu amene amaluka tsitsi Loweruka lililonse kuti azimayi a kutchalitchi alione. Wati ndi chisanu. Dzulo ndidamutuma kuti Atate anditumizire mawu, ngakhale awiri okha. Lero wati, "Akuti Mulungu akuchiritseni, musade nkhawa."

Atate sananenepo mawu otere chibadwire changa. Akadanena za boila, kapena kuti ndikuwononga bedi la boma. Ndafunsa Julieta chifukwa chake Artur sanabwere chigonekedwe changa. Wati ntchito ya ku kalipentala yachuluka. Ndamuuza kuti mawa ndikufuna kuona Artur, apo ayi ndivula gauni ili ndiyende wapansi mpaka kunyumba, bedi apatse amene akulifuna. Ndanena mokweza, chipinda chonse chamva.

Atapita, a Zubaida ati, "Mwanangu, mtima umenewo ukupha." Ndati chondipha si mtima, ndi anthu ondikonda. Angotembenukira kukhoma ndi tasibiya wawo, mikanda yopempherera.

Lolemba, 17 Juni

M'mawa 126.

Artur wabwera masana. Wavala chipewa chaubweya chokokera mpaka m'makutu, wakhala pampando n'kuyamba kulongolola. Artur sayankhula chotero. Wandiuza za matabwa, za mbuzi ya aneba, za mwana wanga amene wakhoza masamu. Za Atate wati akupezako, dzulo anakhala pankhonde kuwothera dzuwa, afunsanso za ine. Amanena akuyang'ana mapazi ake, koma amanena bwino, ndipo ndinayamba kumukhulupirira. Ndinafuna kumukhulupirira.

Kenako dotolo walowa pakhomo. Sikawirikawiri kulowa nthawi ya alendo, amafuna Luís. Amuna onse amene anali m'chipindamo aimirira, monga amachitira pamaso pa Mzungu. Artur waimirira nawo, dzanja lapita lokha kumutu, wavula chipewa.

Mutu uli mbee. Wometedwa chatsopano ndi lezala, ndi kabala kakang'ono pamwamba pa khutu.

Dotolo wadutsa osayang'ana aliyense. Artur waima chomwecho, chipewa chili pachifuwa, ndipo ndaona nkhope yake pamene wazindikira chimene wachita. Wayang'ana ine, ine ndayang'ana iye. Sanabwezere chipewa kumutu.

Kulira kunafika pakhosi, pamene pali chotupa pomwepo. Ndikadatsegula pakamwa ndikadalira maliro monga ayenera kulirira mwana wamkazi, chipinda chonse chikadandithandiza, Luís akadathamangira kwa dotolo, ndipo za pa 20 zikadathera pomwepo. Amene adandiperekeza kuno m'chisanu ndi Atate. Ndameza.

"Nsabwe zakuvuta, Artur?" ndatero.

"Eya, achemwali. Nsabwe."

"Wachita bwino kumeta. Ukawauze Atate kuti ndi Lachinayi."

"Ndikawauza."

"Ukawauze kuti nkhuni ndaphula."

Wagwedeza mutu, watuluka mofulumira. Pazenera ndamuona ataima kuseri kwa thanki ya madzi, mapewa akugwedezeka. A Zubaida atambasula dzanja kuchokera pabedi lawo n'kugwira chala changa, akunong'ona mawu awo achiarabu a pamaliro. 

Lachiwiri, 18 Juni

104. Luís wagwedeza wotchi yake, wawerenganso. 104.

Ndinagona tulo tenitweni koyamba sabata yonseyi. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi. Chisoni chilipo, cholemera, chakhala pachifuwa, koma sichithamanga. Chimene chimandithamangitsa mtima chinali kudikira pazenera.

Julieta wabwera ndi duku lake. Sindikudziwa ngati Artur wamuuza. Wati Atate akupezako, ine ndati ndathokoza. Wandidyetsa phala ndi supuni ngati mwana, ndipo ndamulola.

Lachitatu, 19 Juni

M'mawa 94, madzulo 88.

Dotolo wasangalala, wati mankhwala ake agwira ntchito. Wauza Luís kuti abale a mayi uyu ndi anzeru, sanamubweretsere nkhani za kumudzi. Luís wamasulira mawu amenewa akuyang'ana denga.

Kuyambira madzulo ano osadya, osamwa. Andisambitsa khosi ndi sopo wofiira. Ndikuopa mpeni, ndikuopanso kuti mawu anga sadzabwerera, poti Luís wati zimachitika. Ndikafa mawa ndikawapeza asanapite patali, ndipo adzandikalipira kuti ndawononga ulendo wa ndege.

Lachinayi, 20 Juni

86. Ndege yatera. Abwera ndi machira.

Lamulungu, 23 Juni

Ndilipo. Khosi lamangidwa, kumeza ndi nkhondo. Mawu akutuluka ngati a mwana wa mphaka.

Lachiwiri, 25 Juni

84. Ndamwa phala lamadzimadzi, ndakhala tsonga.

Dotolo wong'amba adabwerera tsiku lomwelo. Wa kuno wati bala lili bwino, ulusi achotsa Lachisanu. Kufikira tsikulo osatembenuza khosi, osatsokomola mwamphamvu, osakweza mawu, kuopa kuti bala lingatseguke mkati.

Masana abwera onse awiri, Artur ndi Julieta. Akhala pansi mwaulemu ngati anthu odzapereka uthenga. Artur wayamba kukonza kukhosi, wati, "Achemwali, pali mawu." Ndamudula ndi dzanja. Ndanong'ona kuti andiuze tsiku lokha.

Linali Lachiwiri, pa 11, dzuwa litapendeka. Chibayo. Adawaika Lachitatu lija ndinadya mpunga wa a Zubaida. Kudabwera anthu a kuchigayo, a kumacheka, ndi nkhalamba ziwiri za kunyanja zimene zidayenda nawo pa sitima. Bokosi adakhoma ndi Artur yemwe.

"Zobisazi adalamula ndi iwo," watero Artur. "Anati musamuuze mpaka atamung'amba, ine ndidamvera panjira ndipo sindinafe. Anatinso iwe Artur usakapondeko kuchipatalako, mlongo wako adzakuwerenga ngati nyuzi."

"Nanga udabwereranji?"

"Mumati muvula gauni, achemwali."

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira, zonse ziwiri ndi zoletsedwa. Ndagwira bandeji ndi manja awiri mpaka zadutsa.

Ndafunsa Julieta ngati ali ndi lezala. Anali nalo m'mpango, akuti wakhala akuyenda nalo kuyambira Lachisanu, osadziwa tsiku limene ndidzalifune. Luís poyamba wakana, wati m'chipinda cha odwala si pa siwa. Kenako wapita yekha kukatenga beseni la madzi ofunda, n'kuimika chotchinga kuzungulira bedi. A Zubaida adzikoka ndi mwendo wawo kudzandigwira mutu kuti khosi lisagwedere, Julieta akumeta. Iye amalira mwakachetechete, misozi yake ikugwera pakhutu langa. Ine yanga imangotsika yokha, pakamwa ndatseka.

Tsopano mutu ukuzizira, ndafunda bulangeti. Atate adakhala zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, adaika akazi awiri ndi ana asanu ndi awiri, ndipo mwana wawo wamkazi sanawalire ngakhale liwu limodzi. Zikundiwawa kuposa balali.

Ulusi achotsa Lachisanu m'mawa. Ndauza Artur kuti akadzabwera kudzanditenga tisadzalowere kunyumba, tidzayambe kumanda, ndipo adzauze azimayi a ku Namacula akandidikire kumeneko.